Nkhope yatupa, koma akuti adule kaye kanyama m'chifuwa

Nabanda_Chilomoni
Abale anga ndithandizeni maganizo, mutu waima. Mlongo wanga wa zaka 24 ali m'chipatala, lero tsiku lachisanu ndi chimodzi. Zinayamba ngati zocheza. Akadzuka m'mawa nkhope ili yotupa ngati walumidwa ndi njuchi, dzuwa likakwera n'kuphwerako, ife n'kumamuseka kuti wayamba kunenepa ndi ndalama za kabaza. Kenako batani la pakhosi linakana kumangika, manja anayamba kulemera, pachifuwa n'kutuluka mitsempha yokhotakhota ngati mizu. Pano sagonanso chagada. Amagona chokhala, tamusanjikira mapilo awiri ndi chikwama cha zovala kumsana. Anamujambula CT, akuti pakati pa chifuwa, kuseri kwa fupa, pali chotupa chachikulu chimene chapana mtsempha wobweza magazi kumtima. Ine ndimayesa akaona zimenezo ayamba mankhwala pompopompo. Ayi ndithu, akuti ayambe adula kanyama akayeze. Dzulo anamuuza asadye kanthu, tinakonzeka, kenako dokotala wogonetsa anthu anabwera, anamuuza agone chagada, mwana sanathe ngakhale mphindi imodzi, basi n'kunena kuti lero ayi, akakambirane kaye ndi anzake. Munthu akubanika, iwo akukambirana! Kanyamako n'kofunika kuposa mpweya? Alipo anaonapo zotere?

Chingalume
Pepani achemwali. Kutupa nkhope kumeneko kwathu tikanati tsempho. Akuluakulu kumudzi mwawauza?

Mbewa_Zatha
Ayambapo a tsempho. Makina aonetsa chotupa, inu mukuti wina anathira mchere mu ndiwo.

Chingalume
Ndangofunsa ine. Sindinati amutulutse m'chipatala.

Anesi_Opuma
A Nabanda mwana wanga, khazikani kaye mtima pansi, ndikuuzeni zimene ndinkaona m'wodi. Magazi onse ochokera kumutu, m'khosi ndi m'manja amatsikira kumtima kudzera mumtsempha umodzi, dzina lake superior vena cava. Ndi waufupi, ngati masentimita 7, khoma lake lopyapyala, ndipo magazi amayendamo mofatsa, osati mwamphamvu ngati m'mitsempha yochoka kumtima. N'chifukwa chake chinthu chikaukanikiza umangophwatalala, ngati payipi yothirira dimba ikapondedwa ndi ngolo. Magazi akumtunda amasowa kolowera. Usiku munthu akagona palibenso chitsikitsiko chowathandiza kutsika, ndiye m'mawa nkhope ija mukuinenayo. Mitsempha mukuiona pachifuwayo si matenda ena ayi, ndi tinjira tachidule timene thupi latsegula kuti magazi azilambalala potsekekapo. Tinjira timeneti ndi timene timapatsa madokotala masiku angapo oganiza bwino.

Inu monga gadiyani ntchito yanu ndi iyi. Asagone chagada, asawerame kusamba m'beseni la pansi kapena kutola sopo. Mukamva kupuma kwake kukulira ngati likhweru, mawu asintha, wayamba kuyankhula zosagwirizana, kugona kosadzutsika, kapena mutu ukuwawa modabwitsa, musadikire raundi ya m'mawa. Kagogodeni kwa anesi ngakhale pakati pa usiku. Akakukalipirani pirirani, mwachita ntchito yanu.

Wogonetsa_Anthu
Ine ntchito yanga ndi yomweyo ya ku fiyeta, ndipo ndikuuzeni mosapsatira, mnzangayo wachita bwino kukana. Palibe wodwala amene timamuopa ngati wa chotupa chakutsogolo kwa chifuwa. Munthu akakhala maso minofu yake imagwira ntchito, akakoka mpweya chifuwa chimatambasuka, njira ya mpweya n'kukhalabe yotseguka ngakhale chotupa chikuikankha. Tikamugonetsa, makamaka tikampatsa mankhwala olefula minofu, zonsezo zimaleka nthawi imodzi. Chotupa chija chimatsamira pa kholingo ndi pa mtima ngati thumba la simenti. Mwina mukuti, si mumaika chubu inu? Timaika, koma chubu chimathera kumtunda, pamene popanikizika pangakhale kumunsi kwake, pomwe kholingo limagawikana kupita kumapapo awiri. Umafinya chibaluni chija, mpweya osalowa. Ndipo mtima ukapanidwa, magazi obwerera akachepa, BP imagwa iwe ukuyang'ana.

Kumuuza agone chagada kuja sikunali kumuzunza, kunali kuyeza. Amene walephera chagada ali maso sangathe ali mtulo. Timayang'ananso pa CT kuti kholingo latsala ndi mpata wotani, likaphwatalala mpaka theka timadziwa kuti apa pali ngozi. Timafunsa mbali imene amapuma bwino akagonera, kuti zikavuta ku fiyeta timutembenuzire komweko. Dilipi timaika kuphazi, poti mankhwala obayidwa padzanja amakatsakamira pa mtsempha wotseka uja n'kuchedwa kufika. Mukaona amubaya kumwendo musadabwe.

Nabanda_Chilomoni
Zoonadi, dilipi anaichotsa padzanja n'kuika kuphazi. Ine ndimangoti alephera kupeza mtsempha. Koma funso langa likadali pompaja. Bwanji osampatsa mankhwala a khansa, kanyamako adzadule akapezako bwino?

Mai_a_Mapasa
Khansa yake iti, achemwali? Mundikhululukire kuyankha choncho, ine zinandionekera. Bambo a kunyumba kwanga anayamba kutsokomola, thukuta usiku mpaka kufinya zofunda, thalauzi kumangogwa. X-ray inaonetsa mthunzi pakati pa chifuwa. Makhololo anayeza kawiri osapeza kanthu, koma pachipatala china, sinditchula dzina, anangoti ndi TB imeneyi, yambani mankhwala. Anamwa mokhulupirika miyezi inayi, mkodzo wofiira tsiku ndi tsiku, ine ndikuchonga kakhadi kaja. Mwezi wachisanu nkhope inatupa monga mukunenamo. Titafika kuchipatala chachikulu, dokotala wina wachitsikana anangowapapasa m'khosi, pakadzenje kali pamwamba pa fupa lopita kuphewa, n'kupeza kamwanabele kolimba ngati nzama. Anakadula tsiku lotsatira atangobaya dzanzi, bambo ali maso akukangana naye za mpira. Zotsatira zinati Hodgkin lymphoma, khansa ya anabele. Analandira kemo, mankhwala a khansa aja, tsitsi linathothoka n'kumeranso, pano ndikulemba ali kudimba. Koma miyezi inayi ija ikandibwerera m'maganizo mtima umandiwawa. Inapita chifukwa cha kungoganizira.

Dotolo_wa_Leeds
Mai a Mapasa anena zimene ndimafuna kuyamba nazo. Zinthu zomera pamalo amenewo n'zambiri, ndipo pa CT zimafanana ngati ana a mayi mmodzi. Kwa madala osuta fodya kawirikawiri imakhala khansa ya m'mapapo. Kwa mnyamata wa zaka 24 maganizo amathamangira ku lymphoma, kenako zotupa za germ cell (zochokera ku maselo a mbewu yoberekera), thymoma (chotupa cha kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa kotchedwa thymus) patali, ndipo kwathu kumudziko TB ya anabele a m'chifuwa siiwalika. Chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Lymphoma yokhayo ili mitundu yambiri, kemo wa Hodgkin si wa lymphoblastic. Thymoma nthawi zambiri imafuna opaleshoni yochotseratu. Ukalasa mumdima, ungamwetse munthu mankhwala aukali miyezi yambiri pa matenda amene alibe.

Mwambo wake ndi woti uyambe pamalo osaopsa. Papasa khosi, m'khwapa, m'mphechepeche. Mwanabele mmodzi wa panja amapulumutsa munthu ku fiyeta, monga anachitira bambo aja. Yang'ana magazi pa microscope, chifukwa mwa ana ndi achinyamata chotupa chotere nthawi zina chimayendera limodzi ndi leukaemia, khansa ya m'magazi, yankho n'kupezeka m'magazi kapena m'mafuta a m'fupa la m'chiuno. M'chifuwa mukakhala madzi, popa ukayeze. Zonsezi munthu ali chikhalire. Zikakanika pali singano yokhuthala imene imadula kanyama kooneka ngati kaulusi. Timailowetsa pakati pa nthiti tikuyang'ana pa ultrasound kapena CT, ndipo chotupa chikakhala kuti chafika pakhoma la chifuwa njira imeneyi ndi yabwino zedi. Kuno tilinso ndi EBUS, kachubu kolowera pakamwa kokhala ndi ultrasound kunsonga, kamene kamaboola khoma la kholingo n'kuyamwa timaselo ta mwanabele ali kuseri.

Zonsezo zikalephera ndiye mpeni. Imene ndinaizolowera ine ndi mediastinoscopy. Amacheka pang'ono m'munsi mwa khosi, pakadzenje ka pamwamba pa fupa la pachifuwa, masentimita awiri kapena atatu. Dokotala amatsogoza chala kutsata kholingo kutsikira m'chifuwa, kenako chitsulo chokhala ndi nyali ndi kamera, n'kutsina anabele a m'mbali mwa kholingo. Anaiyambitsa Eric Carlens ku Stockholm mu 1959. Kale ankaiopa kwa anthu otsekeka mtsempha chifukwa mitsempha ya m'khosi imakhala yodzaza, ukangoikhudza magazi ali tsaa. Masiku ano odziwa amaichita ndithu, mosamala, magazi oonjezera ali pafupi.

Kalilombe_47
Zonsezo n'zachizungu. Ine ndikudziwa chimodzi, khansa ikangokhudzidwa ndi chitsulo imakwiya n'kufalikira. Azakhali anga anawacheka, mwezi sunathe.

Anesi_Opuma
Pepani za azakhali. Koma ndinagwira ntchito zaka zambiri, ndipo anthu amene ankapita "atangowacheka" anali obwera mochedwa, matenda atafika kale paliponse. Mpeni unangoulula zimene zinalipo. Mawu amenewa athawitsa anthu ambiri m'wodi usiku, kudzabwera patatha miyezi itatu atanyamulidwa.

Mpeni_ndi_Ulusi
Adotolo a ku Leeds, ndi ulemu wonse, mediastinoscopy si ya mnyamata uyu. Choyamba, imafuna munthu wogonetsedwa kotheratu, ali chagada, khosi litapindidwira kumbuyo. Amene akulephera mphindi imodzi chagadayo? Chachiwiri, chitsulo chanucho chimatsata kholingo, chimadutsa kuseri kwa mitsempha ikuluikulu. A Nabanda anena kuti chotupa chili kuseri kwa fupa, ndiye kuti chili kutsogolo kwa mitsemphayo. Mukhala mukugogoda khomo lakuseri mwini nyumba ali pakhonde. EBUS yo kumene ndimagwira ine timangoimva pa misonkhano, ndipo ngakhale ikanakhalapo, timaselo toyamwa ndi singano yopyapyala kawirikawiri sitikwanira pa lymphoma.

Ine ndikanachita ya Chamberlain, imene ena amati anterior mediastinotomy. McNeill ndi Chamberlain anailemba mu 1966. Umacheka mopingasa pambali pa fupa la pachifuwa, pa nthiti yachiwiri kapena yachitatu, kutalika ngati chala chaching'ono, mbali imene chotupa chayandikira kwambiri. Umapatula minofu, nthawi zina umachotsa kachigawo ka chichereche cha nthiti, ndipo chotupa chikakhala chachikulu umachipeza pomwepo, chikukuyang'ana. Umadula ndi maso ako ukuona, chidutswa chenicheni, osati kaulusi. Ubwino wake waukulu, ingatheke munthu ali chotsamira, wobayidwa dzanzi, akupuma yekha. Zoopsa zilipo. Pafupi ndi fupalo pamadutsa mtsempha wa internal mammary, ukaudula iwe dokotala umatuluka thukuta. Ukaboola chikopa chokuta mapapo mpweya umalowa, n'kufunika chubu cha m'chifuwa masiku angapo. Ndipo mwa anthu otsekeka mtsempha khungu lenilenilo limachucha magazi chifukwa cha tinjira tija anena Anesi. Koma pakati pa kuchucha kumene ndikukuona ndi kholingo lotsekeka limene sindingalifikire, ine ndisankha kuchucha.

Ya makamera ija, VATS, ndi yabwino kwa ena, umaona chifuwa chonse. Koma imafuna kuphwetsa phapo limodzi munthu atagonera m'mbali. Mnyamata uyu alibe phapo lobwereketsa.

Dotolo_wa_Leeds
Mwandigwira achimwene, ndavomera. Ndimafotokoza njira zonse, sindimati ndi ya iyeyu. Mediastinoscopy imawala pamene opana mtsemphawo ali anabele a kumanja kwa kholingo, monga zimakhalira ndi khansa ya m'mapapo. Koma pa singano sindikugonjerani. Bwanji kucheka munthu usanayese core biopsy, ya singano yokhuthala ija? Mphindi makumi awiri, dzanzi pang'ono, wabwerera ku bedi.

Mpeni_ndi_Ulusi
Chifukwa kwanuko singano ikaphonya mumadziwa mawa lake n'kubwereza mkuja. Kuno ikaphonya ndimadziwa patapita masiku ambiri, pepala litabwera lolembedwa kuti kanyama sikanakwanire. Masiku amenewo mnyamatayu ali nawo? Ndikakhala ndi mpata umodzi wokha ndimafuna nyama yokwanira.

Dotolo_wa_Leeds
Pitani ndi singano kanayi kapena kasanu malo osiyana, osati kamodzi. Koma ndamva mfundo yanu.

Wa_ku_Lab
Mukukangana za nyama, ndiye mundilole ine wophika ndiyankhulepo. Onse awiri mukunena zoona. Vuto la zotupa zazikulu za m'chifuwa ndi loti pakati pake pamakhala powola, maselo anafa kalekale, ndipo singano ikalowa pamenepo ine ndimalandira phala. Hodgkin ya mtundu wa nodular sclerosis, imene imakonda achinyamata ndi malo amenewa, imakhala ndi zipsera zolimba zambiri, maselo enieni a Reed-Sternberg ali apo ndi apo ngati nyama mu ndiwo za kusukulu yogonera. Singano ingadutse osakumana ndi ngakhale limodzi. Ndipo pa lymphoma sitiyang'ana maselo okha, timafuna kuona mmene akhalirana, kenako timathira mankhwala osiyanitsa mitundu, CD20, CD30, TdT ndi ena, ndiye chilichonse chimadya kachidutswa kake. Komabe ma core abwino angapo ochokera m'mphepete mwa chotupa amatipatsa yankho nthawi zambiri, asakunamizeni kuti singano ndi yachabe.

Pempho langa kwa a ku fiyeta ndi lakale lomwe lija. Musafinye kanyama ndi chopanira, maselo a lymphoma ndi ofewa, amaphwanyika. Musathire zonse mu formalin, mankhwala osungira kanyama kuti kasawole. Kachidutswa kena ikani m'madzi a saline kuti tiyeze TB pa GeneXpert ndi kumeretsa, chifukwa formalin amapha tizilombo, sitingameretsenso kanthu. Ndipo lembani fomu yonse, zaka, HIV, mankhwala amene walandira. Fomu ina imabwera yolembedwa "mass" basi, ngati ine ndine mlosi.

Achinyamata sadziwa kumene tachokera. Lab yoyeza tinyama ya ku Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina ku America. Isanakhalepo, kabotolo ka ku Lilongwe kankayenera kupita ku Blantyre.

Mbewa_Zatha
Koma inu, pamene akudikira zonsezi, bwanji osampatsa prednisolone, mankhwala ophwetsa kutupa aja? Mnzanga wina anatupa chonchi, masiku awiri okha nkhope inabwerera. A Nabanda, ku famase amagulitsa, siyodula.

Wa_ku_Lab
Ayi! A Nabanda musayerekeze. Prednisolone ndi dexamethasone zimasungunula maselo a lymphoma mofulumira. Nkhope iphwa, inde, mudzasangalala sabata imodzi. Kenako akadzadula kanyama ine ndidzapeza maselo akufa okhaokha, sindidzatha kutchula dzina la matenda, ndipo chotupa chidzabwerera. N'chimodzimodzi kuwotcha ndi makina usanayeze. Kale ankathamangira radiotherapy akangoona nkhope yotupa, anasiya ataona kuti ambiri sakufa ndi kutupako pa masiku ochepa, koma akutaya dzina la matenda awo.

Wogonetsa_Anthu
Apa ndisiyana nanu pang'ono a ku Lab. Zogula ku famase ayi, pamenepo tili limodzi. Koma munthu akafika polira likhweru popuma, kapena ubongo wayamba kutupa, ine ndipereka dexamethasone osakufunsani. Silayidi ya pa microscope yokongola ya munthu wakufa ndiipititse kuti? Chofunika n'choti tikapereka, kanyama kadulidwe msanga, tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo tikulembereni pa fomu kuti walandira.

Wa_ku_Lab
Mukalembadi. Theka la inu simulemba.

Mbewa_Zatha
Chabwino ndabweza mawu anga. Mnzangayo kunena zoona sindidziwa kuti zinatha bwanji, anasamukira ku Joni.

Dotolo_wa_Leeds
Pali china kuno chimene chimagula nthawi popanda kuononga kanyama. Amalowetsa stent, kachubu ka waya, kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka potsekekapo, n'kukatambasula. Nkhope imaphwa tsiku limodzi kapena awiri. Koma kwa mnyamata amene mwina ali ndi lymphoma sitithamangira, chifukwa kemo yekha amatsegula mtsempha, pamene waya ukalowa walowa moyo wonse.

Ndinaiwala chinthu chofunika. A Nabanda, funsani ngati anayeza magazi a AFP ndi beta-hCG, komanso ngati anamupima kumaliseche. Zotupa zina za germ cell mwa anyamata zimatulutsa zinthu zimenezi, ndipo zikakwera kwambiri madokotala angathe kudziwa matenda ndi kuyamba kemo popanda kucheka konse. Kumene kulibe makina ake, ena amagwiritsa ntchito kachipangizo koyezera mimba kaja pa mkodzo wa mwamunayo, poti kamafufuza hCG yomweyo.

Chingalume
Imani kaye. Mwamuna kuyezedwa mimba? Ndiye kakaonetsa mizere iwiri tikauze ankhoswe a mbali iti?

Mai_a_Mapasa
Inu a Chingalume mulibe chisoni, koma mwandiseketsa ndili ndekha m'khitchini.

Nabanda_Chilomoni
Ndiye zimenezo! Anamupatsa kabotolo ka mkodzo Lachiwiri, iye anakwiya poona kachipangizoko, amvekere andiyesa ndani. Mzere unali umodzi. Magaziwo akuti atumiza kunja kwa chipatala, talipira tokha.

Mphunzitsi_Wakale
Poti a Chingalume anayamba ndi tsempho, ndiwauze kuti munthu woyamba kulembedwa m'mabuku ndi vuto limeneli sanali wa khansa. William Hunter anamulemba mu 1757 ku London, ndipo chimene chinapana mtsempha chinali mtsempha unzake waukulu, aorta, umene unafufuma chifukwa cha chindoko. Nthawi imeneyo chindoko ndi TB ndi zimene zinkatsogola. Masiku ano khansa ndiyo yambiri, ndipo kwabweranso chifukwa chatsopano, magazi kuundana pa timachubu ta dialysis (makina osefa magazi impso zikafooka) ndi mawaya a mabatire a mtima.

Chingalume
Ndiye kuti aphunzitsi mukuvomereza kuti nkhani za kuchipinda zimatupitsa nkhope. Makolo sananame kwenikweni.

Mphunzitsi_Wakale
Mwapotoza dala.

Gadiyani_Wotopa
Ine za mitsempha sindizidziwa, ndikufuna ndifunse a Nabanda, inuyo mukudya? Ndinakhalapo miyezi iwiri pansi pa bedi la mayi anga. Katoni yogonera muziipinda m'mawa anthu okolopa asanafike, apo ayi mudzaipeza yonyowa. Makala gulani kunja kwa mpanda, a pageti ndi odula. Ndipo pezani mnzanu wa bedi loyandikana muzisinthana, wina akapita kukaphika wina ayang'anire odwala awiri. Wodwala ngati wanuyo sasiyidwa yekha ngakhale pokachapa.

Nabanda_Chilomoni
Zikomo amayi. Ndikudya mwa apo ndi apo. Amalume abwera kuchokera ku Thyolo, ndi amene asayine fomu, poti mayi akungolira.

Kalilombe_47
Asayine bwanji amalume, mwini wake ali ndi zaka 24 ndipo akuyankhula?

Mpeni_ndi_Ulusi
Apa Kalilombe wanena zoona. Wosayina ndi mwini thupi. Amalume akhalepo, amve nawo, afunse mafunso, ndi mwambo wathu ndipo ndimaulemekeza. Koma mnyamatayo afotokozeredwe yekha, makamaka ngati adzakhale maso. Munthu wodziwa kuti amva kukoka ndi kukankha koma osati kuwawa amakhala bata. Wodzidzimuka amatsokomola, ndipo kutsokomola mpeni uli pafupi ndi mitsempha imeneyo sindikufuna n'komwe kukuganiza.

A Nabanda, mafunso oti mufunse mawa ndi ochepa. Mwapeza mwanabele wina panja? M'chifuwa muli madzi oti n'kupopa? Mudula ndi singano kapena mucheka? Adzakhala maso? Akatuluka akagona kuti? Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa.

Nabanda_Chilomoni
Ndabweranso abale, pepani ndinasowa masiku awiri, foni inalibe moto. Mafunso aja ndinafunsa, ndinachita kuwalemba kuseri kwa chiphaso cha kuchipatala. Anabele a panja sanapeze. Madzi analipo pang'ono kumanja, anapopa ndi jakisoni Lachinayi, akuti maselo akukayikitsa koma sangatchule dzina. Ndiye dzulo anachita yocheka pambali pa fupa ija. Anasayina yekha, amalume ataima pambali chipewa chili m'manja.

Anamutenga ali chokhala pa bedi lomwelo, sanamusamutsire pa trolley yogona. Ine ndinatsala pabenchi panja pa chitseko, ndikuwerenga matailosi. Ola limodzi ndi theka. Atatuluka anali maso, pulasitala kumanja kwa chifuwa, kachubu ka oxygen m'mphuno. Akuti anamva chilichonse, zitsulo kulira, dokotala kupempha ulusi, ndipo wogonetsa uja anakhala kumutu kwake nthawi yonse akumufunsa mitengo ya kabaza kuchoka ku Chilomoni kupita m'tauni, kuti azimva mawu ake. Pena akuti anamva ngati munthu wamuponda pachifuwa, anafuna kutsokomola, anamuuza pumira pakamwa pang'onopang'ono, zinadutsa. Ndinaona mabotolo awiri akupita nawo, lina lamadzi oyera, ndinakumbuka a ku Lab. Atangotuluka anayamba kumubaya dexamethasone, akuti tsopano kanyama kali m'botolo palibe choopa. Lero m'mawa maso akutseguka bwino, ndaona khosi lake koyamba m'milungu itatu. Wapempha nsima ya usipa. Zotsatira akuti tidikire, ndipo ine mantha sanathe, kungoti asintha malo.

Wa_ku_Lab
Mabotolo awiri! Auzeni a ku fiyetawo kuti wina wake wawathokoza. Lembani nambala ya kanyamako penapake, pofunsa zotsatira muzitchula nambalayo, osati dzina lokha. Mayina amafanana.

Chingalume
Usipawo ndilipira ine achemwali, nditumizireni nambala ku inbox.

Wogonetsa_Anthu
Nkhope kuphwa msanga choncho musatayirire nako. Mapilo asachotse, chotupa chikadalipo. Ndipo chotupa chikamasungunuka mofulumira zinyalala zake zimathamangira ku impso, ndiye mukaona akumupatsa allopurinol ndi madilipi ambiri, n'chifukwa chake. Muziona kuti akukodza kangati. Mkodzo ukachepa, kapena akayamba kusanza ndi kukokana minofu, kauzeni anesi nthawi yomweyo. Dilipi ikadali kuphazi?

Nabanda_Chilomoni
Ikadali kuphazi. Wakodza katatu chiyambire m'mawa, ndayamba kulemba pa chiphaso pomwe paja.